Kachilombo Kolowera mu Fulashi ya Kwaya

Kwa Nkhulambe panalibe amene sankadziwa kuti a Sitima, aphunzitsi opuma pa ntchito aja, akulemba buku. Linali buku la mawu a Chilomwe, liwu lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa. Kwa zaka zinayi bambowa ankapalasa njinga m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi, kufunsa achikulire dzina la udzu uwu, la mbalame iyo, la kachipangizo kakale kopalira chinangwa. Makope amene ankalembamo anapita ndi madzi chaka cha namondwe chija. Chimene chinapulumuka ndi laputopu imene anawagulira mwana wawo Queen, namwino wa ku Blantyre, poti tsikulo akazi awo, mayi Belita, anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuisenza pamutu pothawira kumtunda. Kuyambira pamenepo buku lonse linkakhala m'makinamo basi.

Ngakhale anaipulumutsa ndi iwo, mayi Belita anali asanaigwiritsepo ntchito. Ankangoipukuta fumbi n'kuivundikira ndi kansalu koluka. Koma maso anali nawo. Batani loyatsira ankalidziwa, pasiwedi ankaidziwanso, poti inali dzina lawo lomwe, ndipo a Sitima ankaitchula mokweza nthawi zonse akamailemba.

Mayiwa ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo, ndipo chikondwerero cha makwaya chinali chitayandikira. Nyimbo anali nazo, koma masitepe ovinira anali omwe aja a chaka chatha. Tsiku lina akufunafuna ulusi m'kabati anapeza kafulashi kofiira m'kapu, kakadali m'pepala lake. Anakamanga pansonga ya chitenje n'kupita nako kumsika kwa Eneya, bambo wa kashopu kotchajira mafoni, amene ankaikiranso anthu nyimbo ndi mafilimu. Eneya anawadzazira mavidiyo a makwaya a ku Mulanje, ku Zomba, mpaka a kutsidya ku Mozambique.

Lachisanu m'mawa a Sitima anakwera njinga kukafunsa mawu kwa mkulu wina, nati abwera Lamulungu. Pofika masana m'nyumba munali amayi asanu ndi awiri, nsapato atasiya pakhomo. Mayi Belita anayatsa laputopu n'kubaya fulashi ija. Mafoda anaoneka, koma iliyonse inali ndi kamuvi kakang'ono pakona. Anadina yoyamba, sinatseguke. Anadinanso, zii. Kachitatu kabokosi kakuda kanangothwanima n'kuzimiririka, kenako vidiyo inayamba. Za kabokosiko palibe anasamala. Amayi anakankhira tebulo kukhoma n'kuyamba kutsanzira masitepe, akuseka mpaka kugwirana m'mapewa. Aliness, amene ankazidziwako pang'ono za makinazi, anakoperako anzake mavidiyowo m'mamemori awo kuti akaonere kwawo. Anabalalika batire itatha.

Loweruka, dzuwa litatchaja sola, mayi Belita anayatsanso kuti aone sitepe ina imene inkawavuta mwendo wamanzere. Makina anatenga nthawi yaitali ngati nkhalamba yodzuka pamphasa. Mkati munkamveka kulira kwa fani, fuu, osalekeza. Timabokosi tachingerezi tinkatuluka tokha pasikirini, ukatseka kamodzi kutuluka tiwiri. Kenako maso awo anagwera pa foda ija ankaiona tsiku lililonse, yolembedwa BUKU. Nayonso inali itamera kamuvi. Anaidina, koma mkati munalibe kanthu.

Anakhala pansi, pasimenti penipenipo, manja ali m'khosi. Zaka zinayi za amuna awo! Ena mwa okalamba amene anapereka mawuwo anali atagona kale kumanda, ukawafunsanso kuti? Madzi osefukira analephera, ndiye iwo akwanitsa ndi chala chimodzi chifukwa cha masitepe a kwaya?

Sanalire nthawi yaitali. Anamanga mpango, natseka chitseko, nalunjika kwa Temwa. Temwa anali mtsikana wa ku Rumphi, kalaliki wolowetsa mayina a odwala m'kompyuta pachipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo ankachita lendi nyumba kuseri kwa sukulu. Anamupeza akuyanika zovala.

"Mwanangu, siya zimenezo. Ndapha ntchito ya aphunzitsi."

"Mwapha bwanji, amayi? Mwaigwetsa? Yalowa madzi?"

Mayi Belita anafotokoza zonse, kuyambira kapu ya m'kabati mpaka kamuvi. Atangotchula kamuvi, nkhope ya Temwa inamasuka.

"Timivi pamafoda? Amayi, pumani kaye. Ameneyo ndi vayilasi amene ndimakumana naye pafupifupi mwezi uliwonse. Kawirikawiri sadya zinthu, amangobisa. Sindikulonjeza ndisanaone, koma tiyeni."

Atafika, Temwa anayamba wazula fulashi yofiira ija n'kuiika patali, pamwamba pa wailesi. Kenako anatsegula pamene pamaonetsa kuchuluka kwa zinthu zimene zili m'makina, n'kuloza kamzere kabuluu.

"Mukuona apa? Malo akadali odzaza. Bukulo likanafufutika, mzerewu ukanafupika. Zili ngati munthu wakutsekerani chimanga m'chipinda n'kujambula chitseko chabodza pakhoma. Mukamadina chitseko chabodzacho, m'pamene kachilomboko kamadzuka n'kuswana. Ndiye kuyambira pano, chilichonse cha kamuvi osachikhudza."

"Ndakhudza kale kambirimbiri."

"Zapita zimenezo. Tione mlonda wa m'makinamu akutani."

Anatsegula antivayilasi, pulogalamu imene imagwira tizilombo ta m'kompyuta, ndipo anaseka mpaka kugwira pakamwa.

"Amayi, mlonda wanu ali mtulo. Munthu wina anamuzimitsa dala. Ndiponso papita zaka ziwiri asanalandire mndandanda wa akuba atsopano. Ngakhale akanakhala maso, wakuba uyu sakanamuzindikira."

Anamuyatsa, nalumikiza laputopu ku intaneti ya foni yake kwa kanthawi kuti mlondayo alandire zatsopano, kenako anadula intanetiyo. Anati kachilombo kena kamatumiza zinthu za eni ake kunja kapena kuitana anzake, ndiye si bwino kukasiyira njira. Anazimitsa makina n'kuwayatsanso m'njira ina imene imangodzutsa zofunikira zokha. Sikirini inaoneka yosakongola, zilembo zikuluzikulu, koma timabokosi tija sitinatulukenso, fani nayo inakhala chete. Kenako analamula mlonda kuti afufuze paliponse, foda ndi foda.

"Izi zitenga ola kapena kuposa. Kuthamangitsa sikungathandize."

Mayi Belita anaphika chinangwa ndi tiyi, koma iwo sanadye. Ankangosuzumira kamzere kobiriwira kamene kankakwawa pasikirini ngati nkhono. Kali pakati, panja panamveka belu la njinga.

Anali a Sitima. Mkulu amene ankakamufuna anali atapita kuukwati kutsidya, ndiye anangogona kwa mlamu wawo n'kubwerera. Analowa thalauza akadamanga ndi mphira m'miyendo, chikwama chili paphewa. Anaona Temwa ali pampando wawo, anaona laputopu, anaona nkhope ya akazi awo.

"Kwagwanji kuno?"

Mayi Belita anali atakonza mawu ambiri, koma onse anathawa. "Bambo a Queen, ndalakwa ine. Ndinabaya fulashi ya nyimbo. Yalowetsa kachilombo, buku silikuoneka."

A Sitima anatsitsa chikwama pang'onopang'ono. Anakhala pa mpando wina osavula chipewa.

Temwa ndiye anayankhula. "Aphunzitsi, ndikuganiza kuti buku lilipo, tidikire pang'ono. Koma ndifunseko. Amene anazimitsa antivayilasi ndani?"

A Sitima anakhosomola. Anayang'ana kudenga ngati kuli chinthu chachilendo. "Ankasokosa kwambiri. Munthu uli pakati polemba, iye tulukiru, akuti ndikufuna intaneti, ndikufuna chakuti. Ndinamukhazika chete."

"Nanga bukuli munasunganso pena?"

"Queen anatumiza kafulashi kuti ndizisungamo. Kofiira. Ndinakasunga bwino m'kabati, ndimati ndikamaliza chilembo cha W."

Mayi Belita anatembenuka pang'onopang'ono n'kuloza pamwamba pa wailesi. "Kameneko?"

A Sitima anayang'ana kafulashiko, anayang'ana akazi awo, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mayi Belita anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka onse awiri mpaka misozi, buku lisanapezeke n'komwe.

"Ndiye mlandu uwu ukagamulidwa bwanji?" anatero a Sitima akupukuta magalasi. "Wina anachotsa chitseko, wina analowetsa mbuzi."

"Ine ndinalowetsa mbuzi imodzi. Inu chitseko munachotsa zaka ziwiri."

Kenako makina analira, ting'. Mlonda anali atagwira tizilombo mazana awiri ndi khumi ndi tinayi. Temwa anadina kuti tonse tichotsedwe. Anatsegulanso mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha makina akayatsidwa, napeza kena ka dzina la zilembo zosamveka, kamene kakanadzabwezeretsa kachilomboko mawa lake. Anakachotsa. Anafufuta mafoda onse abodza a timivi aja. Mayi Belita ataona BUKU labodza likupita, mtima unawalumphabe.

"Tsopano yang'anani," anatero Temwa.

Anatsegula kabokosi kakuda n'kulembamo mzere umodzi wouza makina kuti aonetse zonse zobisika. Anadina. Mafoda anayamba kutulukira limodzi ndi limodzi ngati bowa mvula itagwa: zithunzi za adzukulu, makalata a kutchalitchi, kenako BUKU, lachikasu, lopanda kamuvi.

A Sitima anakokera mpando pafupi. Anatsegula bukulo, natsika mpaka kumapeto kwenikweni. Liwu limene analemba Lachinayi madzulo linali pomwepo. Anakwera kumtunda, natsikanso, akuwerenga chamumtima milomo ikugwedera. Masamba mazana atatu ndi makumi anayi, onse ali bwinobwino.

Nthungululu imene mayi Belita anaimba inamveka mpaka kumjigo. A Sitima, munthu amene ana asukulu ankamuopa kwa zaka makumi atatu, anaimirira pakati pa nyumba n'kuvina tchopa, mphira zikadali m'miyendo, chipewa chikugwa. Anagwira akazi awo dzanja n'kuwazungulitsa. Anansi awiri anathamangira pakhomo kudzafunsa ngati Queen wabereka.

Phokoso litachepa, Temwa anagogoda patebulo. "Sitinamalize. Kuchiza n'kwina, katemera n'kwina. Khalani pansi nonse."

Anakhala ngati ana a sitandade wani. Choyamba Temwa analumikizanso intaneti n'kutumiza bukulo kwa Queen pa imelo, nati azichita zimenezo Lamulungu lililonse, kuti ngakhale makina atabedwa kapena kupsa, buku likhale lili kwina. Anawauza kuti agule fulashi ina ya buku lokha, yosapita kumsika, yosabwerekedwa ngakhale kwa abusa. Anazimitsa kanthu kamene kamachititsa kuti fulashi izitseguka yokha ikangobayidwa. Kenako anaonetsa mayi Belita mmene angauzire mlonda kuti ayambe waunika fulashi iliyonse yachilendo asanaitsegule. Anawabwerezetsa katatu pa kofiira kaja mpaka anakwanitsa okha, ndipo atakopera mavidiyo enieni pambali, anakafomata kuti kayere.

"Aphunzitsi, mlonda akapempha intaneti muzimupatsa. Makina akati akufuna kuapudeta, ndiye kuti kulandira zatsopano, osadina kuti mawa. Ndipo mukaona uthenga woti mwawina foni kapena galimoto, dziwani kuti palibe chimene mwawina."

"Galimoto ija ndinadinapo kamodzi kokha," anavomera a Sitima chapansipansi.

"Pasiwedi nayo isinthe. Dzina la amayi aliyense kwa Nkhulambe akulidziwa."

"Ndinaika dzina limene sindingaliiwale."

"Zachikondi muzindiuza pakamwa, osati m'makina," anatero mayi Belita, koma nkhope ili mwee.

Chomaliza Temwa anatsegulira mayi Belita khomo lawolawo m'laputopumo, la dzina lawo ndi pasiwedi yawo, loti azitha kuonera mavidiyo koma osatha kulowetsa pulogalamu iliyonse kapena kukhudza buku. A Sitima sanatsutse. Anangoti bola masitepe aziphunzirira panja, chifukwa simenti yam'nyumba inali itayamba kale kung'aluka.

Ali mkati motsuka makapu, mayi Belita anaima chilili. Mamemori a amayi aja! Onse anabayidwa m'makina odwala. Mwana wa Aliness anali ndi kompyuta ya kusukulu yake ya zaulimi, wina ankakabaya memori yake kuofesi ya parishi. Nanga Eneya, amene tsiku lililonse ankabaya mafulashi a msika wonse?

"Mwaganiza bwino, amayi," anatero Temwa. "Tikachiza nyumba imodzi chitsime chikadali choipa, mawa tidwalanso."

Lolemba mayi Belita anapita kumsika. Eneya anali munthu wodzimva pa ntchito yake, ndipo mayiwa sanafune kumuchititsa manyazi pamaso pa makasitomala. Anadikira mpaka kashopu katapepuka.

"Bambo Eneya, makina anu ali ndi kachilombo."

"Anga? Ayi, amayi. Timivi timeneto ndi mmene mafulashi amasiku ano akubwerera. Onse amatero."

"Onse amene adutsa pano amatero. Taonani kanga." Anamuonetsa kofiira kaja. "Koma musakabaye. Loweruka mubwere nawo makinawo kwathu. Kukhala sikelo ya mafulashi."

Eneya anakanda m'mutu. Anaulula kuti anthu ena anali atasiya kubwera, akumati nyimbo zake zimasowa zokha, ndipo wina anamunena kuti amaika mankhwala kuti anthu azibwererabwerera. Nkhani imeneyo inkamupweteka mtima kwambiri.

Abusa anali atalengeza kale za sikeloyi Lamulungu pambuyo pa mapemphero, anthu naseka poyesa nthabwala. Koma Loweruka lakelo, dzuwa lisanakwere, pakhonde pa a Sitima panali mzere. Amayi a kwaya anabwera ndi mamemori omanga m'mipango. Mlembi wa parishi anabwera ndi mafulashi atatu m'envulopu. Mlangizi wa zaulimi anabwera ndi laputopu yake yathunthu. Temwa anakhala patebulo lina akuona makina akuluakulu, ndipo patebulo la mafulashi panakhala mayi Belita, magalasi a amuna awo ali pamphuno.

"Wotsatira! Yanu ili ndi timivi? Munadinapo? Musaope, bweretsani."

Ankabaya, kuunika, kudikira, kenako kulengeza chiwerengero mokweza ngati kulemera kwa mwana. "Mayi Aliness, khumi ndi tiwiri! Yachira, tengani." Anthu ankaomba m'manja. Imene yapezeka yopanda kanthu, mwini wake ankayenda monyada ngati wapambana mayeso. A Sitima ntchito yawo inali yomata kapepala koyera pa fulashi iliyonse yochira, n'kubwereza kwa mwini wake malamulo aja ndi mawu a m'kalasi, ngati kuti anawadziwa kuyambira kale.

Chakumasana kunatulukira Eneya akukankha njinga. Pakaliyala anamangapo bokosi lonse la kompyuta, atalikulunga m'bulangeti, mkazi wake akutsatira pambuyo atasenza sikirini pamutu. Anthu anawapatsa njira ngati kwabwera wodwala wa kayakaya. Kufufuza kwake kunatenga maola awiri athunthu. Chiwerengero chitatuluka, Temwa anaitana mayi Belita kuti alengeze okha.

"Zikwi zitatu ndi mazana asanu ndi limodzi!"

Panabuka mfuu. Eneya anagwira kumutu, kenako naye anayamba kuseka. "Ndiye ndimaweta ziweto zochuluka chonchi osadziwa? Ndikanakhala wa ng'ombe bwenzi ndili bwana!"

Makina ake atayera, nyimbo zambiri zimene ankati zinatayika kalekale zinatulukira. Temwa anamuikira mlonda n'kumuphunzitsa kuunika fulashi ya kasitomala aliyense asanaikemo kanthu. Eneya anapempha a Sitima kuti amulembere chikwangwani cha pashopu ndi dzanja lawo lauphunzitsi lija, chonena kuti pano timayamba taunika. Kenako, pofuna kuyesa ngati zonse zili bwino, analumikiza sipika n'kuika nyimbo ina yakale ya gitala imene inali itasowa zaka zitatu. Mzere unasweka pomwepo. Mlembi wa parishi anaponya envulopu m'thumba n'kulowa m'bwalo, mlangizi naye osatsalira.

Dzuwa litapendeka anthu anabalalika, aliyense ndi kafulashi kake ka kapepala koyera. Temwa anatsanzika, koma anapeza pakhomo pali mulu: chinangwa, nandolo wouma m'kathumba, nthochi phava lonse, ndi tambala wamkulu wofiira amene mkazi wa Eneya anabwera naye atamanga miyendo.

"Amayi, zonsezi ndidya ndekha? Ndipo tambalayu ndikamusunga pati? Ndilibe khola."

"Ukamufunse landilodi wako. Nyamula nthochi, zinazi ndikuperekeza nazo."

Mayi Belita anasenza chinangwa, tambala anamupanira m'khwapa, nayamba kutsika kanjira ka kusukulu. Panjira anafunsa Temwa ngati m'makina muja munthu angathe kulembamo nyimbo za kwaya, mawu ake okha, kuti asamavutike ndi timapepala.

"Zosavuta zimenezo. Ndibwere Lachitatu ndikaweruka?"

"Bwera Lachiwiri. Lachitatu tili ndi pulakatisi."